Bulangete Lofiira la a Nangondo

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi Che Hamadi, wojambula zithunzi uja ankayenda pa njinga kuchokera ku Naisi mpaka ku Malosa kamera ili pakhosi. Tinakumana pa Naisi m'chaka cha 1998, pa benchi ya munthu wokonza njinga. Iwo ankadikira kuti tayala lawo limatidwe. Ine ndinalibe chodikira, kungoti miyendo inali itakana. Atatsegula chikwama chawo chachikopa kuti atulutse mtedza tikukute, ndinaona zithunzi ziwiri zitamatidwa kuseri kwa chivundikiro. Chimodzi chinali chachikulu bwino, cha mayi ataima patsogolo pa chinsalu chofiira, nkhope ili biriwiri ngati papaya losapsa. Chinacho chinali kachithunzi kakang'ono, kongoposa pang'ono bokosi la machesi, ka mayi wa masaya owala akumwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa.

"Awa ndi apachibale?" ndinafunsa. "Wodwalayu anachira?"

"Ndi munthu mmodzi," anatero Che Hamadi. "Tsiku limodzi, dzuwa limodzi, filimu imodzi. Ine ndinadina kamodzi kokha."

Ndiye ndinasendera pafupi.

Mayiwo anali a Nangondo a m'chigwa cha Domasi, cha kumunsi kumene madzi amayenda m'ngalande n'kulowa m'minda ya mpunga. Amuna awo anamwalira kalekale. Ana amoyo anali awiri: Yoswa, amene ankawotcherera zitsulo ku Joni, ndi Irene, wokwatiwa ku Ndirande. Munda wawo sunali waukulu, koma anali ataulima zaka makumi atatu. Ankadziwa pamene madzi amachedwa kufika, pamene nkhanu zimaboola m'mbali madzi n'kuthawa, ndi ngodya imene mbalame zimayambira kuba.

M'mwezi wa Malichi 1996 a Nangondo anagona ndi malungo sabata imodzi. Irene atabwera kudzazonda anawapeza pa tsiku loipitsitsa, ndipo atabwerera ku Ndirande analembera mlongo wake kalata yoti amayi atha, atsala mafupa okhaokha, munda ukuwapha. Che Hamadi ankati Irene sananame mwadala. Komanso, anatero akutsitsa mawu, Irene anali ndi ana atatu ang'onoang'ono ndi geni ya mandasi, ndiye agogo pakhomo sakanakhala chinthu choipa.

Yankho la Yoswa linafika mu Juni, anthu ali pakati pomweta. Linabwera ndi a Isaki, dalaivala wa lole amene ankapita ku Joni pakapita miyezi iwiri iliyonse atanyamula makalata a chigwa chonse m'thumba la jekete. Pamodzi ndi kalatayo panali bulangete lalikulu laubweya, lofiira psuu, la mpendero wa mizere yoyera, lolemera ngati mwana wa mbuzi. Kalata inati:

"Amayi, ndamva kuti mwatha. Ine kuno mtima suli m'malo. Munda mupatse wina, inu mupite kwa Irene mukapume. Ngati mukuti Irene akukokomeza, nditumizireni chithunzi cha tsopano lino pobwera a Isaki, osati chakale cha pa ukwati chija. Chikhale chaching'ono choti ndiike m'kachikwama ka m'thumba, koma ndione maso anu ndi masaya. Chithunzi chikapanda kubwera, kapena ndikaona kuti mukudwaladi, ndidzabwera ndekha pa Khirisimasi kudzakusamutsani."

A Nangondo ankamudziwa mwana wawo. Yoswa akanena chinthu ankachita, anatengera bambo ake. Ndipo ankadziwanso kuti munda wa mpunga ukaupereka kwa wina chaka chimodzi, kubweza kwake ndi milandu. A Isaki ankanyamuka Loweruka m'mawa. Kalata inafika Lamulungu. Lolemba masana Che Hamadi anali atatsamiritsa kale njinga pa khonde la a Nangondo.

Tsono kuchigwa kuja kuli mwambo umene palibe anaulemba. Wa ku Joni akakutumizira chinthu, umajambulitsa nacho. Wailesi umainyamula paphewa, wotchi umapinda malaya kuti ioneke, nsapato umatsogoza phazi. Wotumizayo amadziwira pomwepo kuti katundu sanathere m'njira. Choncho Che Hamadi anapeza bulangete litapachikidwa kale pa chingwe cha zovala, lonse tambasu, ndipo a Nangondo atavala duku lofiira loti ligwirizane nalo.

"Amayi, muime apa pa mtengo wa mangowu," anatero Che Hamadi. "Kuwala kuli bwino."

"Mangowo anatumiza ndi Yoswa?"

"Ayi."

"Ndiye ndiima pa bulangete. Lioneke lonse, Che Hamadi, ngodya zonse zinayi. A Isaki asadzanamiziridwe kuti anadulako."

Anatenga zenga m'dzanja lamanja ndi mtolo wa mpunga wakupsa m'dzanja lamanzere, naukweza mpaka paphewa kuti mwana aone kuti mayi ake akumweta. Che Hamadi anayamba kubwerera m'mbuyo kuti ngodya zinayi zija zilowe. Anabwerera, nabwereranso, mpaka anaponda mpunga umene unayanikidwa pa mkeka.

"Sekani pang'ono, amayi."

"Ndiseke chiyani? Mwandipondera mpunga."

Koma mbali imodzi ya kamwa inawagonja, ndipo Che Hamadi anadina pomwepo.

Filimu ija inali itatsala malo asanu kuti ithe. Anakaimalizira ku Malosa pa kwaya ina imene inkayesa mayunifolomu atsopano, ndipo Lachiwiri anakaisiya ku shopu yotsuka zithunzi m'tauni ya Zomba. Dzina la shopuyo sinditchula, inatsekedwa kale. Munali makina aakulu ngati mafiriji awiri atagonekedwa, olowetsa filimu uku zithunzi n'kumatuluka uko, zotentha ngati zitumbuwa. Lachitatu anakatenga envelopu yake.

Che Hamadi anali ndi lamulo lawolawo, loti chithunzi ayambe kuchiona ndi mwini wake. Ankati kusuzumira nkhope ya munthu iye asanaione kuli ngati kulawa ndiwo za alendo. Ndiye anangoyang'ana manambala kuseri, kusankha cha a Nangondo chili chozondoka, n'kupalasa njinga kutsikira kuchigwa. Anawapeza akupuntha mpunga ndi amayi anzawo atatu. Onse anasiya ndodo n'kuunjikana.

A Nangondo anapukuta manja pa chitenje, natembenuza chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndani?"

Che Hamadi anasuzumira. Bulangete linalipo, ngodya zonse zinayi, ngakhale kufiira kwake kunali kutazilala ngati lachapidwa kakhumi. Koma nkhope inali yobiriwira motuwa, milomo mbuu, maso atalowa.

"Ndinu, amayi."

"Ine? Uyutu ndi munthu woti abusa amufikire lero lomwe."

"Duku ndi lanu, zenga ndi lanu," anatero mmodzi wa amayi aja. "Koma nkhopeyi mwabwereka kwa bilimankhwe."

Anaseka onse, ndi a Nangondo omwe. Kenaka wina, wachikulire pang'ono, ananena motsitsa kuti, "Kaya. Amatitu kamera imaona za m'kati."

Kuseka kunathera pomwepo. A Nangondo analowa m'nyumba, natuluka ndi kagalasi kothyoka ngodya. Anayang'ana pagalasi, nayang'ana pachithunzi, nabwereranso pagalasi. Kenaka anakhala pansi pa khonde n'kupempha madzi.

"Kapena Irene ananena zoona," anatero. "Munthu sumadziona wekha."

Che Hamadi anandiuza kuti pa ntchito yawo yonse palibe chinawapweteka ngati chimenecho. Mayi amene m'mawa womwewo anasenza yekha thumba la mpunga kuchokera kumunda, anali atakhala pansi akudzigwira masaya chifukwa cha pepala. Che Hamadi anatenga chithunzi chija n'kuchiyang'anitsitsa, kufuna poyambira.

"Amayi, mpunga munanyamulawu unali wotani?"

"Wakupsa. Mukufunsa ngati simunaupondeko."

"Taonani apa. Wabiriwira ngati wa mu Febuluwale. Nawonso ukudwala?"

A Nangondo analanda chithunzi. Mtolo wa mpunga unalidi wobiriwira. Chigwiriro cha zenga, chimene amuna awo anasema ndi mtengo wa mlombwa, chinali chobiriwiranso. Anaimirira, nabweza kapu ya madzi asanamweko.

"Ndiye ikudwala ndi kamera yanu."

"Mwina ndi choncho."

"Loweruka, Che Hamadi. Ine ku Ndirande sindikaphika mandasi."

Lachinayi m'mamawa Che Hamadi anali pakhomo pa shopu isanatsegulidwe. Amene ankayendetsa makina aja anali a Morton, bambo wa magalasi okhuthala, wovala khoti loyera, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake asanawatulutse. Anamvetsera dandaulo lonse ali ndi kamtengo ka machesi pakamwa. Kenaka anasolola negativi, kafilimu kotsukidwa kale kaja, n'kukakweza kuloza kuwindo. Pamenepo zonse zimakhala zotembenuka: a Nangondo anali oyera nkhope, bulangete lili lobiriwira.

"Kamera yanu ilibe mlandu," anatero a Morton. "Filimunso ilibe mlandu. Zonse zilimo umu, khungu, mpunga, bulangete. Iyi ndi nkhokwe, achimwene. Pepala ndi mbale chabe, umatapa pang'ono. Walakwa ndi wotapa."

"Wotapa ndinu."

"Wotapa ndi awa." Anamenya makina ndi chikhatho, mwaulemu. "Makinawa amene anawapanga anawaphunzitsa chinthu chimodzi: kuti mitundu yonse ya m'chithunzi ukaisakaniza pamodzi, izituluka yotuwa ngati phulusa. Zithunzi zambiri zimaterodi. Muli thambo, muli mtengo, muli dothi, muli malaya, zonse zimafafanizana. Tsono inu mwabweretsa chithunzi choti kumwamba kufiira, kumanja kufiira, kumanzere kufiira, pamutu kufiira. Makina anati apa filimu yawonongeka, n'kuthira kubiriwira kuti akonze. Bulangete ndi lalikulu, linangozilala. Nkhope ndiyo inamwa zonse."

"Ndiye bulangete la mwana wawo lomwe likufuna kuwasamutsa."

"Zimenezo sindikudziwa. Chimene ndingathe ndi kuwaletsa makinawa kuganiza, ndidine mabatani ndi manja. Koma mundiuze kaye, mayiwo khungu lawo ndi lotani?"

"Ndi akuda."

"Tonse ndife akuda, achimwene. Akuda motani?"

Che Hamadi anaganiza. "Ngati tiyi wopanda mkaka."

"Wa kunyumba kapena wa m'tiyirumu?"

"Chabwino, ngati nthanga za bwemba."

"Zouma kapena zongolavulidwa?"

"Ofiirira pang'ono, basi. Athanzi. Onjezerani kufiira."

A Morton anadina batani lofiira kangapo, makina analira, pepala linatuluka. Bulangete linabwerera mwakale, lokongola kuposa lenileni. Koma a Nangondo tsopano anali ngati munthu amene wakhala pa kachasu kuyambira tambala woyamba. Masaya psuu, maso psuu, ngakhale mano anali ofiirira.

"Awatu ndi mayi wa Mvano," anatero Che Hamadi. "Ichi chikafika ku Joni, Yoswa sadikira Khirisimasi."

Anayesanso kawiri. China chinatuluka chachikasu, china chakuda bii maso okha akuoneka. A Morton anachotsa kamtengo ka machesi pakamwa.

"Mtundu sufotokozedwa pakamwa. Abwere eni ake. Bulangetelo libwerenso."

Lachisanu linali tsiku lovuta kwa onse awiri. A Nangondo anali ndi mpunga wosapuntha, Che Hamadi anayenera kukhala ali kumzikiti masana. Anakumana pa siteji ya Domasi dzuwa likungotuluka, mphepo ya Juni ikutsika kuphiri. A Nangondo anali atavala duku lomwe lija, bulangete lili pamutu, kamtolo ka mpunga atakulunga m'nyuzipepala.

"Agogo, bulangetelo likhala pampando wake?" anafunsa kondakitala wa minibasi.

"Likhala pamiyendo. Ndi mwana ameneyu, wangobwera kumene kuchokera ku Joni."

Pofika ku Naisi anthu anayi a mpando wakumbuyo anali atalifunda m'mawondo, ndipo minibasi yonse inali itaona chithunzi chobiriwira chija n'kuperekapo maganizo.

M'shopu a Nangondo sanayambe ndi a Morton. Anapita molunjika pa makina, nawazungulira.

"Ndi amenewa akuti ndikudwala?"

"Ndi amenewa, mayi," anatero a Morton.

"Anandionapo kuti?"

"Sanakuonenipo. Ndiye vuto lake."

Anawatulutsira mpando n'kuuika pakhomo, kunja kwenikweni, chifukwa ankati magetsi a m'shopu nawonso amanama mtundu. Bulangete analiyala pa chitseko. Kenaka analowa, natulutsa kapepala kautali kokhala ndi nkhope zinayi za a Nangondo, iliyonse ndi mtundu wake. Anakadula ndi sizasi, n'kuyamba kuika nkhope imodziimodzi pafupi ndi tsaya lawo, magalasi atawakwezera pamphumi, diso limodzi atatsinzina.

M'tauni zinthu zotere sizichitika popanda mboni. Mayi wogulitsa nthochi anatula dengu. Mlonda wa sitolo yoyandikana anasiya geti. Munthu wina wa tayi, amene ankaoneka kuti akuchedwa ku ofesi, anaima naye.

"Chachitatucho," anatero wa tayi.

"Chachitatu chayera," anatero wa nthochi. "Ngati atsikana odzola mafuta a m'sitolo aja."

"Koma ndi chokongola."

"Musandiyeretse, bambo," anatero a Nangondo osatembenuza mutu. "Yoswa adzati ndamutumizira amayi a wina."

A Morton anatsitsa kapepala kaja. Anabwerera ku makina, anadina batani lina kamodzi, anabweza lina kawiri, natulutsa nkhope zina zinayi. Ulendo uno anayang'ana tsaya, kenaka anaika pepala pa bulangete lenileni, kenaka anapempha kamtolo ka mpunga n'kuyerekeza ngala za pa chithunzi ndi ngala za m'manja. Ankati khungu lokha likhoza kukunamiza, koma zinthu zitatu zikavomerezana, wapeza. Pa ulendo wachitatu anaika kapepala pa tsaya la a Nangondo, ndipo wa nthochi anawomba m'manja kamodzi.

"Sindikuona pamene pepala lathera," anatero.

A Morton analemba manambala atatu pa envelopu kuti asadzaiwale, natulutsa chithunzi chonse, chachikulu. Munali a Nangondo enieni, bulangete lenileni, mpunga wakupsa wachikasu. Eni ake anachigwira ndi nsonga za zala.

"Eya. Uyu ndikumudziwa."

Che Hamadi anali atayamba kale kuthokoza pamene a Nangondo anatulutsa kalata ya Yoswa pa mfundo ya chitenje.

"Koma mwana anati chaching'ono. Cholowa m'kachikwama ka m'thumba."

A Morton anawerenga, nagwedeza mutu, nasintha galasi la makina. Kanatuluka kachithunzi kongoposa pang'ono bokosi la machesi. Zonse zinalimo, ngodya zinayi, zenga, mapazi, nkhuku imene inkadutsa. Nkhope inali ngati nyemba imodzi.

"Maso anga ali kuti?"

"Alipo, mayi, kungoti achepa ngati mapira."

"Iye anati aone maso ndi masaya."

"Kapepala kakang'ono sikanyamula zonse," anatero a Morton. "Zonse zikalowa, nkhope itha. Nkhope ikalowa bwino, zina zitsale. M'nkhokwe muja zikhalabe, sizitayika. Koma pa mbale iyi musankhe."

"Bulangete lilowe lonse, nkhopenso ikule."

"Sizingatheke."

"Makina onsewa?"

"Makina onsewa."

A Nangondo anatembenukira kwa Che Hamadi ngati iwo ndiwo anachepetsa pepala. Che Hamadi anayang'ana wotchi.

"Akapanda kuona bulangete, adzati a Isaki analigulitsa pa Mwanza," anatero a Nangondo. "Munthu wosalakwa."

"Akapanda kuona nkhope, amayi, mukaphika mandasi," anatero Che Hamadi.

A Morton anatenga katoni ya mapepala, naboola kawindo pakati, kofanana maonekedwe ndi kachithunzi kaja koma kokulirapo. Anaika katoniyo pamwamba pa chithunzi chachikulu.

"Yendetsani nokha. Chimene chikuoneka pa windoli ndicho chipite ku Joni. Chobisika chitsala."

A Nangondo anayamba kuyendetsa. Poyamba anaika windo pa ngodya ya bulangete, iwo eni n'kusowa, anthu n'kuseka. Kenaka analibweretsa pankhope. Analitsitsa, mapazi osafika. Analikweza. Analiyendetsanso, milomo ikuyenda.

"Ndi kupeta basi," anatero potsiriza. "Mankhusu apite. Mapazi sanafunse. Nkhuku si yanga. Zenga alidziwa, anakulira pomwepo."

Anaimika windo pamene panalowa nkhope yonse, ngala za mpunga zili paphewa, ndipo pamwamba pa duku pakuoneka mpendero wa bulangete ndi mizere yake yoyera.

"Nkhope yatsika kwambiri," anatero a Morton. "Imafunika pakati. Titsitse windo pang'ono."

"Mukatsitsa, mizere ichoka. Popanda mizere, kufiiraku kukhoza kukhala kwa nsalu ya aliyense. Mizereyo ndiyo a Isaki."

A Morton anayang'ana kanthawi, nabweza magalasi pamphuno.

"Zikhale choncho."

Anasinthanso galasi, anadina manambala atatu aja a pa envelopu, ndipo tinatuluka tizithunzi tiwiri tofanana. Maso ankaoneka bwino lomwe, ndi kumwetulira kwa mbali imodzi kuja kwa munthu amene wapondedwa mpunga. Kamodzi a Nangondo anakakulunga mu mpango. Kena kaja anapatsa Che Hamadi, pamodzi ndi chithunzi chobiriwira chija.

"Ichi musunge ndinu. M'nyumba mwanga sichigona."

Pamene ankapinda bulangete, kuitana kwa kumzikiti kunamveka, ndipo Che Hamadi anathamanga osatsanzika. A Nangondo anagula nthochi kwa mboni yawo, nakwera minibasi okha. Loweruka m'mawa a Isaki anaika envelopu m'thumba la jekete, pakati pa makalata ena makumi awiri.

Julayi yense a Nangondo sanatchule za kalata. Anapuntha, anayanika, anasoka matumba. Koma Che Hamadi ankati akamadutsa pa njinga ankawaona ataima m'mbali mwa munda wongomwetedwa, akungouyang'ana. Mbewu ya chaka chamawa anaisankha ndithu, koma anaiika m'thumba losasoka kukamwa, ngati loti mwina lipita kwa wina.

A Isaki anabwera pakati pa Ogasiti ndi kalata ndi mtolo. Che Hamadi anaitanidwa kuti adzawerenge, chifukwa a Nangondo anati iwo ndiwo anayambitsa.

"Amayi, ndaona. Mwanenepa kuposa ine. Anzanga pantchito akuti ndinu achemwali anga. Mpunganso ndaona kuti wacha bwino. Khalani pa munda wanu, za ku Ndirande zatha, Irene ndamulembera. A Isaki muwathokoze, bulangete ndalizindikira mizere yake. Koma ndadandaula kuona kuti mwalipachika ngati katani. Ndiye kuti chofunda mulibe. Ndatumiza lina."

A Nangondo anamasula mtolo. Bulangete lachiwiri linali lobiriwira biriwiri, ngati munda wa mu Febuluwale.

Madzulo omwewo anasoka thumba la mbewu. M'mawa mwake anapachika bulangete latsopano pa chingwe, ngodya zonse zinayi, n'kuitanitsa kamera, pakuti mwambo ndi mwambo. Che Hamadi atakasiya filimuyo ku Zomba anachenjeza a Morton, ndipo a Morton anangoti, "Ulendo uno makina awafiiritsa. Auzeni abwere, mpando ulipo." Anapitadi. Akuti kuyambira pamenepo a Nangondo sankalola chithunzi chawo kutsukidwa iwo palibe, ndipo wa nthochi uja anakhala mnzawo.

Tayala la Che Hamadi linali litamatidwa kalekale pamene ankamaliza. Ine, poti ndinalibe kolowera kwenikweni, patapita masiku awiri ndinatsikira kuchigwa kukadzionera. A Nangondo ndinawapeza m'munda, matope m'mawondo, akutseka pamene nkhanu zinaboola. Mabulangete onse awiri ndinawaona ali pa chingwe, lofiira ndi lobiriwira. Anali mayi wamphamvu ndithu, mawu akulu, ndipo anandipatsa ntchito yonyamula matope ndisanamalize moni. Koma masaya sanali owala ngati a pa kachithunzi kaja. Nditanena zimenezo anati papita zaka ziwiri, komanso ndawapeza asanasambe.

Za mabulangete ndakhulupirira, ndinawaona ndi maso. Zoti makina amaopa kufiira kukachuluka ndinafunsa wojambula wina ku Liwonde, anavomera kuti zimachitika. Che Hamadi analumbira kuti a Morton anaima pamene pepala linafanana ndi tsaya, osawonjezera kanthu. Koma a Morton anali atawerenga kalata ya Yoswa asanatulutse kachithunzi kotsiriza kaja, ndipo pa mabatani panalibe wina woyang'ana. Zoti sanadine limodzi lowonjezera kuti mayi asachoke pa munda wake, zimenezo ine ndikukayika.